Sikelo, Malipiro ndi Mjigo wa Kampani



Pa Lamulungu la 25 pa chaka, Eklezia watiwerengera mawu a mneneri Amosi, mutu 8. Amosiyu sanali wansembe, ndipo uneneri sanauphunzire kwa munthu. Anali mlimi wa ku Tekowa, woweta nkhosa ndi wosamala mitengo ya nkhuyu, amene anakhala ndi moyo zaka zoposa 700 Ambuye Yesu asanabadwe. Pa nthawi yake, mu ufumu wa Yerobowamu wachiwiri, dziko la Israele linali pa mtendere, malonda ankayenda bwino, ndipo malo opembedzera ankadzaza anthu. Koma mneneriyo ataponya maso mumsika anaona zina. Amalonda ankapita ndithu kokapembedza, koma mumtima akuwerenga nthawi kuti Sabata lithe msanga atsegule nkhokwe. Muyeso wogulitsira ankauchepetsa, mwala woyesera ndalama za wogula ankaukuza, ngakhale zosesa za pansi pa nkhokwe ankazigulitsa ngati tirigu; ndipo mmphawi akalephera kubweza kangongole kosaposa mtengo wa nsapato, ankamsandutsa kapolo. Zimenezi ndizo Chauta analumbira kuti sadzaziiwala.

Tsono ife tikamva mawu otere tisafulumire kupukusa mitu chifukwa cha Aisraele. Boma lathu lino la Mchinji ndi boma la malonda. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tilimo anthu oposa 600,000, ndipo ambiri a ife moyo wathu wagona pa chimanga, mtedza, soya ndi fodya. Msewu waukulu wochokera ku Lilongwe umatidutsa kunka ku Zambia. Njanji inalumikizidwa mpaka ku Chipata m'chaka cha 2010. Ndipo mu Disembala 2022 atsogoleri a maiko awiriwa pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema, anatsegula chipata chatsopano cha pa Mwami, choti katundu wodutsa aziunikidwa pamalo amodzi. Palibe banja pakati pathu limene silinaimepo kutsogolo kwa sikelo kapena kumbuyo kwake.

Tineneretu, kuopa kuti wina angatimve molakwa, kuti Eklezia sadana ndi malonda, ndipo phindu si tchimo. Paulo Woyera ankasoka mahema nadya thukuta lake. Lidia, mayi uja anabatizidwa ku Filipi, anali wogulitsa nsalu za mtengo wapatali, ndipo m'nyumba mwake ndimo abale ankasonkhana. Munthu amene walawira mbandakucha pa njinga kukapikula tomato, kapena wamanga chigayo pamudzi pomwe amayi ankathera tsiku pa mtondo, watumikira anzake, ndipo ayenera kupezapo kanthu. Papa John Paul II, amene anatiyendera kuno ku Malawi mu Meyi 1989, anaphunzitsa m'kalata yake ya Centesimus Annus ya 1991 kuti phindu limasonyeza kuti ntchito ikuyenda. Koma anachenjezanso kuti mabuku a ndalama angathe kukhala olongosoka bwino lomwe, pomwe anthu ogwira ntchitoyo akunyozedwa ndi kupondedwa. Funso lathu madzulo ano ndi ili: kodi phindulo lachokera kuti, ndipo walilipira ndani?

Tiyambe ndi sikelo. Epulo akafika, soya atangouma, masikelo amayamba kulendewera m'mitengo ya m'mbali mwa msewu, pa Waliranji, pa Kamwendo, ku Kapiri mpaka ku Mkanda. Akuluakulu akukumbukira masiku amene wogula mbewu anali mmodzi yekha, bungwe la ADMARC, lokhazikitsidwa m'chaka cha 1971. Nalonso linali ndi zolakwa zake, pakuti linkagula kwa mlimi pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene linkagulitsira kunja, ndipo phindu lochuluka silinkabwerera kumudzi. M'chaka cha 1987 boma linalola amalonda wamba kuti nawonso azigula mbewu za alimi, ndipo apa ndi pamene panayambira mavenda amene tikuwadziwa lero. Ambiri mwa iwo ndi ana athu omwe, obatizidwa m'matchalitchi mwathu momwemu, ongotumidwa ndi mabwana a m'tauni amene awapatsa ndalama, nawauza mtengo.

Kuba kwa pa sikelo n'kochenjera chifukwa sikuthyola chitseko. Tiyerekeze sikelo imene wina waisokoneza sipuling'i, kotero kuti thumba la makilogalamu 50 ikuliwerenga 46. Mayi wogulitsayo akuyang'ana kamuvi kaja, koma saona cholakwa. Alandira ndalama zake, athokoza, napita. Pa thumba limodzi apita makilogalamu 4. Pa matumba 100 apita makilogalamu 400, ndiwo matumba 8 athunthu amene wogulayo sanalime, sanapalire, sanalipire. Akanawatenga usiku m'nkhokwe, mudzi wonse ukanamutcha mbala. Popeza wawatenga masana, pang'onopang'ono, anzake akumutama kuti ngwochenjera pa geni. Koma lamulo lachisanu ndi chiwiri silisiyanitsa usiku ndi usana. Ngakhale boma likuvomereza zimenezi: bungwe la Malawi Bureau of Standards, lokhazikitsidwa m'chaka cha 1972, lili ndi udindo woyesa masikelo a malonda ndi kuwaika chizindikiro, ndipo chaka ndi chaka Unduna wa Zaulimi umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu. Antchito a bungwelo sangaime pansi pa mtengo uliwonse. Chikumbumtima ndicho chimaima pamenepo.

Pali mawu amene timawamva kawirikawiri, ngakhale kwa akhristu odya Ukaristia: akuti, sindinamkakamize, anavomera yekha. Kodi mayi amene mwana wake wagonekedwa m'chipatala, kapena wabwezedwa ku sekondale chifukwa cha fizi, akavomera theka la mtengo, wavomeradi? Nanga mlimi amene mu Febuluwale, nkhokwe itauma, walandira ndowa imodzi ya chimanga kuti pa kukolola adzabweze zitatu, kapena wagulitsa soya wake akali maluwa m'munda? Thomas Aquinas Woyera, zaka zoposa 700 zapitazo, anaphunzitsa kuti kugula chinthu pansi pa mtengo wake woyenera kapena kuchigulitsa mopitirira n'kosalungama, ndipo kuti wogulitsa alibe ufulu wokwezera mtengo pa chifukwa chokha chakuti mnzake wapanikizika. Kuvomera kwa munthu amene mpeni wa njala uli pakhosi pake sikuyeretsa katapila.

Komatu alimi musaombe m'manja msanga. Sikelo ili ndi mbali ziwiri. Tikudziwa za mchenga wothiridwa pansi pa thumba la soya, za mabelo a fodya okhala ndi tsamba labwino kunja, m'kati muli zinyenyeswa, mapulasitiki, ngakhale miyala. Tikudziwanso mchitidwe wowaza madzi pa mtedza, ena akuti ufewe poswa, ena akuti ulemere pa sikelo. Pamenepa tiime pang'ono, pakuti ambiri amachita osadziwa kukula kwake kwa choipachi. Mtedza wonyowa ukaikidwa m'thumba umamera chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni amene anthu a sayansi amamutcha aflatoxin. Poizoniyu satha ndi kukazinga kapena kuphika. Akachuluka m'thupi kwa zaka amawononga chiwindi, nayambitsa khansa, ndipo ana amawapinimbiritsa. Akalowa wambiri nthawi imodzi amapha msanga, monga zinachitikira ku Kenya m'chaka cha 2004, pamene anthu 125 anafa atadya chimanga chachuku. Mtedza wathu wa Chalimbana unali wotchuka ku Ulaya m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo chimodzi mwa zimene zinatitsekera misika imeneyo ndi chuku chomwechi. Choopsa kwambiri ndi ichi: mtedza wabwino ukasankhidwa kupita kunja, wotsala uja, wofota ndi wowola, sutayidwa. Umasinjidwa, nugulitsidwa pa msika ngati nsinjiro kapena chiponde, nulowa m'phala la mwana wa mnansi. Izi ndizo zosesa zija Amosi anaziona zikugulitsidwa ngati tirigu.

Kuti malonda olungama ngotheka, umboni wake uli kwathu konkuno. Alimi a mtedza a m'boma lino, kudzera m'bungwe lawo la MASFA, limene lili pansi pa NASFAM, analandira m'chaka cha 2004 chizindikiro cha Fairtrade, chimene chimalonjeza wogula wa kunja kuti mlimi walipidwa moyenera, ndiponso chimaonjezerapo ndalama ina yapadera yoti alimi eni ake agwirizane chochita nayo. Ndalama zotere zinathandiza kumanga nyumba ya odikirira odwala pa chipatala cha boma cha Mchinji. M'chaka cha 2007 ku Britain kunakhazikitsidwa kampani ya Liberation Foods, imene alimi a mtedza a kuno ndi a maiko ena anapatsidwamo gawo la umwini. Njira imeneyi inali ndi zovuta zake, ndipo sinafikire mlimi aliyense. Koma inaonetsa kuti mlimi akaumitsa bwino mtedza wake, nausankha mokhulupirika, ndipo wogula akayesa molungama nalipira pa nthawi yake, onse awiri amapindula. Mutu umodzi susenza denga: mlimi woima yekha pa sikelo ya venda alibe mawu, koma kalabu ili nawo.

Tikumbukenso njala ya 2002, pakuti ana obadwa pambuyo pake tsopano ali ndi mabanja awo, ndipo ena saidziwa. M'zaka za 2000 ndi 2001 chimanga cha m'nkhokwe za boma chinagulitsidwa pafupifupi chonse. Bungwe la IMF linali litalangiza kuti nkhokwezo zichepetsedwe, koma zimene zinachitika zinapitirira pamenepo, ndipo ena mwa ogula anachisunga kudikira kuti mtengo ukwere. Zokolola za 2001 zinali zochepa. Chakumapeto kwa chaka chimenecho bungwe la Save the Children linachenjeza za njala, ndipo limodzi mwa maboma amene linaonera zizindikiro zake linali Mchinji yemweyu. Koma boma linalengeza za ngoziyo pa 27 Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kufa. Mtengo wa chimanga unawirikiza kangapo m'miyezi yochepa. Anthu anadya zitsinde za nthochi, anagulitsa mbuzi pa mtengo wa nkhuku, ena anadulidwa ziwalo atagwidwa akuba chimanga chachiwisi. Pa nthawi yomweyo panali anthu amene analemera. Buku la Miyambo, mutu 11, likutiuza kuti wobisa chakudya pa nthawi ya kusowa anthu amamtemberera. Kusunga chimanga chako kuti udzagulitse mtengo utakwerako si kulakwa, ndi nzeru za ulimi. Ndiponso wamalonda wosunga mbewu kuchokera pa kukolola mpaka pa dzinja akugwira ntchito yofunika. Koma kutseka nkhokwe dala maliro akulira m'mudzi, kuti mtengo ufike pomwe mtima wako ukufuna, n'kudya magazi a abale.

Za malire sitichulukitsa mawu, pakuti inu mukuzidziwa kuposa ife. Malirewa anadula mitundu ndi mabanja pakati. Angoni ndi Achewa a kuno ndi a kwa Mpezeni ndi amodzi, ndipo seminale yathu ya Kachebere, yotsegulidwa m'chaka cha 1939, inaphunzitsa ansembe a mbali zonse ziwiri. Mayi wodutsa ndi dengu lake kukaona abale asavutitsidwe. Koma feteleza wotsika mtengo, amene boma lagulira mlimi wosauka ndi msonkho wa tonse, akazembetsedwa usiku m'njira za m'tchire, wabedwa ndi mlimi ujayo. Wopereka chiphuphu ndi wolandira agawana tchimo limodzi. Ndipo pali katundu wina wodutsa m'njira zomwezo amene sitingamutchule popanda mtima kuwawa: ana otengedwa m'midzi ndi malonjezo a njinga, kukaweta ng'ombe ndi kulima m'minda ya eni. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo loletsa kuzembetsa anthu m'chaka cha 2015, ndipo mkhristu wodziwa za ulendo wotere asakhale chete.

Tsopano tifike pa nkhani imene ikutilemera koposa, ya matenanti. M'zaka za m'ma 1970 malo ambiri a mafumu kuno ku Mchinji ndi ku Kasungu anasandutsidwa maesiteti. Lamulo la nthawi imeneyo silinkalola mlimi wamba kulima fodya wa bale pamunda pake, mpaka chaka cha 1990. Wofuna kulima fodyayo ankayenera kukalima pa esiteti ya wina. Motero malole ankabwera ndi mabanja ochokera ku Mulanje, ku Thyolo, ku Phalombe, ku Machinga ndi ku Mangochi, kumene malo ndi ochepa. Dongosolo lake mukulidziwa. Tenanti ankapatsidwa gawo la munda, feteleza, makasu ndi ndowa ya chimanga, zonsezo pa ngongole, ndipo buku la ngongoleyo linkakhala m'manja mwa bwana kapena kapitawo. Pangano nthawi zambiri linali la pakamwa. Kuyambira pa nazale, kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha, mpaka pa jeke, banjalo silinkalandira kanthu. Fodya akauma ankamugulitsa kwa bwana yemweyo, pa mtengo wonenedwa ndi bwana yemweyo, ndipo malipiro ankadikira kuti mabelo agulidwe ku okushoni ku Kanengo. Pochotsera ngongole, ena ankatsala ndi kangachepe, ena ankauzidwa kuti akali ndi ngongole. Ndipo munthu wopanda ndalama yokwerera basi yobwerera ku Mulanje amakhalanso chaka china. Makolo athu anali ndi dzina la ntchito yotere: thangata.

Munda wopatsidwa kwa tenanti sukanatheka ndi manja a munthu mmodzi. Bwana polemba bambo ankadziwa kuti walemba mayi ndi ana omwe, ngakhale m'buku munali dzina limodzi. M'chaka cha 2009 bungwe la Plan International linafalitsa kafukufuku wonena kuti ana osachepera 78,000 ankagwira ntchito m'minda ya fodya m'dziko muno, ndipo kuti mwana wothyola tsamba lonyowa angathe kumwa kudzera pakhungu nikotini wolingana ndi ndudu 50 pa tsiku limodzi. Mutu, chizungulire ndi kusanza zimene makolo ankayesa malungo, kawirikawiri zinali fodya. Kuthandiza makolo ntchito zopepuka mwana ataweruka ku sukulu ndi mwambo wabwino, ndipo palibe akuuletsa. Koma mwana amene Januwale ndi Febuluwale yense sanaponde m'kalasi chifukwa akusoka fodya, ameneyo wabedwa tsogolo.

Malamulo alipo. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14, ndiponso kupatsa ntchito yoopsa aliyense wosafika zaka 18. M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo lomwelo nithetsa utenanti, kuti wolima pa munda wa wina akhale wantchito wolandira malipiro. Limeneli ndi lamulo labwino, ndipo mabungwe a Eklezia, monga Centre for Social Concern ya ku Kanengo, imene anayambitsa ansembe a White Fathers, analimenyera nkhondo zaka zambiri. Koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe silidziyendera lokha kukafika pa chigafa. Ngati dzina lasintha koma buku la ngongole likali lomwe lija, m'manja momwe muja, palibe chimene chasintha. Kalata ya Yakobo, mutu 5, imanena za malipiro a okolola amene mwini munda anawamana, kuti malipirowo ali ndi mawu ndipo kulira kwake kumafika kwa Ambuye. N'chifukwa chake katekisimu amawerengera kumana wantchito malipiro pakati pa machimo ofuula kumwamba. Papa Leo XIII, m'kalata yake ya Rerum Novarum ya 1891, anaphunzitsa kuti malipiro ayenera kukwanira kusunga wantchito wosamwaza chuma, ndipo kuti wantchito akalandira ochepera chifukwa chosowa kolowera, wachitidwa nkhanza ngakhale anavomera. Aepiskopi athu, m'kalata ija inawerengedwa m'matchalitchi onse pa 8 Malichi 1992, ananenanso zomwezo. Anthu amaikumbukira kalatayo chifukwa cha ndale, koma inalankhulanso za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za malipiro osakwanira, ndi za mitengo imene alimi ankalandira pa mbewu zawo.

Mwini esiteti wamng'ono angatiyankhe kuti, Abambo, inenso ndapanikizika. Mtengo wa tsamba sindinena ndine, ndipo akachotsa ngongole ya feteleza, ya mayendedwe ndi misonkho, chotsala n'chochepa. Ameneyu tiyenera kumumvera, pakuti nthawi zambiri akunena zoona. Unyolo wa fodya ngwautali: tenanti, mwini munda, kampani yogula tsamba, kampani yopanga ndudu kutsidya kwa nyanja. Akatekisiti amaphunzitsa kuti munthu amagawana nawo tchimo la wina pakulamula, pakuvomereza, pakupindula nalo, kapena pakukhala chete pomwe akanatha kuliletsa. Chiphunzitso chimenechi chimakhudza makampani omwe. Kampani yoika mtengo umene ikudziwa kuti sungakwanire kulipira wantchito wamkulu, singasambe m'manja monga Pilato ikamva kuti m'chigafa muli ana. Dziko lapansi layamba kuona zimenezi. Pa 1 Novembala 2019 dziko la America linaletsa fodya wa ku Malawi kulowa m'madoko ake chifukwa cha nkhani za ntchito yokakamiza ndi ya ana, ndipo makampani ena analoledwanso pambuyo pake ataonetsa njira zawo zolondolera kumene tsamba lachokera. Mu Disembala 2020 matenanti ndi ana oposa 7,000 a ku Malawi, kudzera mwa maloya a Leigh Day, anasumira makampani a British American Tobacco ndi Imperial Brands ku bwalo lalikulu la ku London, ponena kuti makampaniwo analemera ndi thukuta lawo. Makampaniwo anakana mlanduwo napempha kuti uthetsedwe usanamvedwe, koma mu Juni 2021 bwalo linakana pempholo. Kugamula kwake n'kwa oweruza. Chotidabwitsa ife n'chakuti tenanti wa ku dambo la Bua angathe kufunsa funso kwa eni chuma a ku London, ndipo iwo n'kuyenera kuyankha.

Apa ndi pamene tifika pa mjigo. Masiku ano makampani akuluakulu amanena kuti ali ndi udindo wothandiza anthu a kumene amapezerako chuma. Amakumba mijigo, amamanga midadada ya sukulu, amagawa mbande za mitengo, ndipo pa tsiku lopereka pamakhala magule, mafumu, atolankhani ndi chikwangwani chachikulu. Bungwe la ECLT la ku Geneva, limene ndalama zake zimachokera ku makampani a fodya, linathandiza ntchito yochotsa ana m'minda kuno ku Mchinji, ku Ntchisi ndi ku Rumphi kuyambira m'chaka cha 2011, mogwirizana ndi Save the Children ndi mabungwe ena. Ana amene anabwerera ku sukulu ndi ana enieni, ndipo madzi a pa mjigo ndi madzi enieni. Sitinyoza zimenezi; tikuthokoza. Koma pali dongosolo limene Eklezia sangalisinthe. Papa Pius XI m'chaka cha 1931, ndi Papa Benedict XVI m'kalata ya Caritas in Veritate ya 2009, anaphunzitsa kuti chifundo sichilowa m'malo mwa chilungamo: sindingapatse mnzanga mphatso kuchokera pa zanga ndisanampatse zake zimene ndikumsungira. Kampani yolipira moperewera, yothawa msonkho, yogula nkhuni zothetsa nkhalango kapena yothira zoipa mumtsinje, ikadzabwera ndi mjigo, ikubweza kachigawo kakang'ono ka zimene inatenga, ndipo ikufuna kuti tiivinire. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Tsono mafumu ndi atsogoleri a mipingo mukaitanidwa ku mwambo wotere, landirani mjigowo ndi manja awiri; koma pa mpando womwewo funsani mwaulemu kuti tsamba la chaka chino lagulidwa pa mtengo wanji, ndipo antchito alipidwa liti.

Muyeso womwewu ugwire ife tonse. Parishi nayo ndi bwana: ili ndi alonda, ophika, aphunzitsi ndi akatekisiti, ndipo kunena kuti akugwirira Mulungu sikudzaza mphika wa ana awo. Banja lokhala ndi mtsikana wantchito ndi bwana. Mkhristu wopereka ng'ombe pa tsiku la masika, waganyu wake akudikira pa khonde mwezi wachitatu, atenge ng'ombeyo akayambe walipira.

Akatekisiti amatifunsa kawirikawiri kuti munthu wolapa tchimo lotere achite chiyani. Chiphunzitso chake n'chakale, ndipo n'chosavuta kumva ngakhale n'chowawa kuchita: tchimo la kuba limafuna kubweza. Wansembe amakhululukira m'dzina la Mulungu, koma alibe mphamvu yofafaniza ngongole ya tenanti. Zakeyo wa ku Yeriko atalandira Ambuye m'nyumba mwake, analonjeza pomwepo kubwezera kanayi aliyense amene anamdyera. Ngati wobedwayo akudziwika, abwezeredwe iye, kapena ana ake ngati anamwalira. Sikofunika kudziulula pagulu, pakuti kubweza kungathe kudzera mwa munthu wokhulupirika. Ngati obedwawo ndi ambiri osadziwika, monga zimakhalira ndi sikelo, chuma cholingana nacho chibwerere kwa osauka a dera lomwelo. Ndipo ngati mwini munda walepheradi chifukwa fodya sanayende, asathawe antchito ake. Awaitane, avomere ngongoleyo pamaso pa mboni, ilembedwe, azibweza pang'onopang'ono, ndipo poyamba awapatse yokwerera kubwerera kwawo.

M'miphakati mwathu muli zinthu zimene tingayambe nyengo ino isanathe. Wina akafuna kulemba wantchito wa m'munda, mphakati umthandize kulemba pangano pa mapepala awiri, limodzi la bwana, lina la wantchito, lonena malipiro ndi tsiku lolipira, a mfumu akhale mboni. Pakabuka kusamvana, ofesi ya zantchito ili pa boma. Aphunzitsi achikhristu akaona mabenchi akupepuka nthawi yothyola fodya, adziwitse komiti ya sukulu ndi a mfumu mwezi womwewo, asadikire mayeso. Ndipo za sikelo, mudzi uliwonse uli ndi choyesera chake osadziwa: lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Chigubu cha malita 20 chodzaza bwino chiyenera kuonetsa makilogalamu 20 ndi kakulemera ka chigubucho pamwamba. Venda asanapachike thumba loyamba, pachikani chigubucho anthu onse akuona. Venda wolungama sadzakwiya nazo.

Lamulungu likudzali Eklezia adzatiwerengeranso Amosi, mutu 6, pamodzi ndi fanizo la munthu wachuma ndi Lazaro. Akatekisiti muwerengeretu mawuwo m'miphakati, ndipo tidzakumanenso pa nthawi yomwe ino.